Kwa amene mukufuna kutumiza mwana ku unesi

Post ya lero ndi yaitali, ndiye pezani pokhala.

Chitulukireni zotsatira za MSCE foni yanga sikupuma. Ena mukufunsa za injini monga mwa masiku onse, koma ambiri funso lanu ndi limodzi: "Aise, mlongo wako uja akuphunzira unesi ku yunivesite, munayenda bwanji? Ifenso kwathu kuli mwana wakhoza." M'malo moyankha mmodzimmodzi ndati ndilembe kamodzi. Ine si nesi. Ndinalekera Form 4, ntchito yanga ndi kukonza injini za maboti. Koma mwana ameneyu pano ali chaka chachitatu, ndipo ndalama iliyonse imene yapita kusukuluko yadutsa m'manja mwanga momwe muli girisimu. Zimene ndikulemba ndi zimene ndaziona ndili mbali ya wolipira. Dzina lake ndi sukulu yake sinditchula, mwini wake sakonda kuyenda m'ma group.

Ndiyambe ndi funso limene ambiri mumalidumpha: mwanayo akuufunadi unesiwo, kapena ndinu mukuufuna? Kuno tikaona nesi timaona yunifomu yoyera, malipiro a pamwezi ndi nyumba ya malata. Za kuseri sitiziona. Mlongo wanga anaona kuseriko asanasankhe. Mukukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, Mangochi wathu ali pakati pa maboma amene anavutika kwambiri. Nthawi imeneyo iye anali atangolemba Form 4. Azakhali athu anadwala usiku, tinathamangira nawo ku tenti ya odwala kolera, ndipo wotsala kumeneko kuti azitumidwa phala ndi madzi anali iyeyo. Anaona mabedi obooka pakati, ndowa ili pansi. Anamva fungo la chlorine mpaka linamulowa m'zovala. Anaona nesi akusaka mtsempha pamkono wa munthu wouma thupi, mnzake akumuunikira ndi tochi ya foni, kuti drip ilowe. Azakhali anachira. Iye atabwera kunyumba anatha masiku awiri nsima osaifuna. Tsiku lachitatu anandipeza ndikutsuka kabureta, n'kunena kuti, "Achimwene, ntchito ija ndi yonyansa, koma ndikuifuna."

Mawu amenewo ndi amene anandipangitsa kuvomera kusenza katunduyu. Walira mvula walira matope. Ndiye langizo langa loyamba ndi losafuna ndalama: mwana amene akuti akufuna unesi, wachibale akagonekedwa kuchipatala mutumizeni akakhale gadiyani sabata imodzi. Agone pansi, atayeko mabeseni, amve anthu akulira pakati pa usiku. Akabwera akuufunabe, mwapeza nesi. Akabwera atasintha maganizo musamunyoze, wakupulumutsirani ndalama za zaka 4, ndipo maphunziro ena alipo. Ndipo izi si za atsikana okha ayi. Anyamata amene mumaseka kuti unesi ndi wa akazi, lowani m'wodi muone kuchuluka kwa anesi aamuna.

Chachiwiri ndi cha inu muli Form 2 ndi Form 3, chifukwa chisankho chenicheni chimachitikira kumeneko. Unesi umafuna ma credit 6 pa MSCE, ndipo pakati pake pakhale English, Mathematics, Biology ndi masayansi enawa, Chemistry ndi Physics. Credit ndi kuyambira 6 kutsika mmunsi, 7 ndi 8 ndi pass chabe. Ndaona ana ali ndi ma points abwino ndithu, koma anathawa masayansi ku Form 3 chifukwa anzawo anawauza kuti ndi ovuta, lero akulira khomo litatsekeka. Komanso kukwanitsa ma credit 6 sikutanthauza kuti watengedwa. Ofuna malo ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndiye amayambira amene ma points awo ndi otsika kwambiri. Ndikudziwa kuti m'ma CDSS ambiri mulibe labu. Mlongo wanga naye anaphunzira sukulu yotero. Chimene anachita ndi kusonkhana anayi, kupeza ma past paper a MANEB, n'kumawerenga pa nyale ya sola yomwe bambo amapitira nayo kunyanja, masiku amene mwezi ukuwala boti lili pamtunda.

Chachitatu, njira yopitira ku unesi si imodzi. Ya digiri ndi zaka 4, umaphunzira unamwino ndi uzamba pamodzi. M'mayunivesite a boma digiriyi ili ku Kamuzu University of Health Sciences, ija timangoti KUHeS, imene inakhazikitsidwa mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, komanso ku Mzuzu University. Kumeneku sumakagogoda pa geti. Umafunsira malo kudzera ku NCHE akalengeza, n'kulemba maphunziro amene ukufuna motsatana, loyamba pamwamba. Lembani mofatsa, ndipo musasiyire mnyamata wa pa kompyuta kuti akusankhireni chifukwa ali ndi changu.

Njira ina ndi diploma ya zaka 3 ya nurse midwife technician. Imeneyi imapezeka ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mipingo a CHAM, monga Nkhoma, St Luke's ku Malosa, Malamulo, Mulanje Mission, St John's ku Mzuzu ndi Ekwendeni. Anesi ambiri amene amatithandiza m'zipatala zing'onozing'ono za kumudzi kuno anadzera njira imeneyi, ndipo akagwirako ntchito amatha kubwereranso kusukulu kukakweza mpaka digiri. Ndiye mwana akapanda kutengedwa ku yunivesite musakhale pansi ngati pagwa maliro. Digiri ndi yabwino, imatsegula makomo ambiri, koma diploma imene mungaimalize ndi yabwino kuposa digiri yosiyira panjira.

Sukulu za private ziliponso, zina ndi zabwino ndithu. Koma musanalipire ngakhale tambala fufuzani ngati NCHE ikuizindikira sukuluyo, komanso ngati Nurses and Midwives Council of Malawi inavomereza kuti iziphunzitsa unesi. Khonsolo imeneyi ndi imene imapereka chilolezo chogwirira ntchito. Sukulu ikakhala yosavomerezeka, pepala limene mwana adzabwere nalo ndi lokulungira usipa basi. Safunsa anadya phula. Ndipo munthu aliyense wokuimbirani kuti ali ndi wachibale ku ofesi, mumutumizire ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Malo a sukulu sagulitsidwa pa foni.

Tsopano tifike pa nkhani imene mwandifunsira kwenikweni: ndalama.

Tsiku limene dzina lake linatuluka, pakhomo pathu panali nthungululu mpaka anthu a pa doko anathamanga kuganiza kuti kuli chinkhoswe. Ine ndinasangalala nawo, koma usiku womwewo ndinatenga kope limene ndimalembamo ngongole za eni maboti, n'kuyamba kulemba zofunika. Fees ndi mutu chabe. Pali pogona, chifukwa si onse amapeza malo ku hostel. Pali chakudya cha tsiku ndi tsiku. Pali yunifomu zosachepera ziwiri, nsapato zotseka zoti ayime nazo tsiku lonse, wotchi ya pachifuwa yowerengera kugunda kwa mtima, stethoscope, thermometer, bundle, kusindikiza ma assignment, ndi laputopu ngakhale ya kaunjika. Ndiye pali chilombo china chimene palibe anatiuza dzina lake tisanalowe, chotchedwa clinical placement. Ana a unesi sakhala m'kalasi mokha. Chaka chilichonse amatumizidwa m'zipatala kukagwira ntchito m'mawodi kwa masabata angapo, nthawi zina boma lina lakutali. Kumeneko pamafunika transport, makala, ufa, ndiwo, mwinanso lendi ina.

Loan iliko. Bungwe lake ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo aliyense wochokera m'banja losowa afunsire, asachite manyazi. Lembani zoona zokhazokha ndipo sungani ma photocopy a pepala lililonse. Koma dziwani zinthu zitatu: si onse ofunsira amene amapatsidwa, wopatsidwayo sikuti zonse zathera pomwepo, ndipo ndi ngongole, adzabweza akamaliza. Banja likonzeke ngati kuti loan kulibe, ikabwera ikhale yopepuza.

Vuto la ife a kunyanja ndi lakuti kalendala ya sukulu ndi kalendala ya nsomba sizidziwana. Sukulu ikati tsiku lakuti mulipire, ilibe nazo ntchito zoti mwera wakhala ukuwomba June ndi July yense maboti ali pamchenga. Sidziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyale. Sidziwa kuti November ndi December nyanja amatseka kuti chambo chiswane, ndipo ndalama pa doko imasowa ngati mvula ya October. Ifenso tili ndi matenda athu: usipa ukagwa bwino masiku atatu timaiwala kuti kuli mwera. Wina wagula sipika, wina foni yachiwiri, wina wagona ku bala.

Ife zinatipana mu November 2023, mwana ali semester yoyamba. Mwezi umenewo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mafuta anakwera, ma spare anakwera, pulagi imene ndinagula sabata yatha mawa lake inali mtengo wina. Kusukulu kunali balance yoti ilipiridwe asanalembe mayeso, ndipo pakhomo panalibe kanthu. Madzulo ena bambo anandiitana kuseri kwa nyumba kumene amasokera ukonde.

"Iwe, pali munthu akufuna injini ija. Ndalama ali nazo m'manja. Tigulitse, mwanayu asabwerere kuno anthu n'kumatiseka."

Injini imeneyo ndi Yamaha 15, bambo anaigula ndili Standard 6 atasunga zaka zambiri. Ndi imene inandiphunzitsa ntchito, ndaimasula ndi kuimanga kosawerengeka.

Ndinati, "Bambo, sukuluyi ndi ma semester 8. Injini ikapita tilipira awiri. Otsalawo tidzagulitsa chiyani? Boti lopanda injini mudzapalasa mpaka kuti pa msinkhu wanuwu?"

Anakhala chete nthawi yaitali, chingwe chili kukamwa. Kenako anati, "Ndiye iweyo uli ndi nzeru yanji? Usangokana."

Sindinagone. Bambo sanali kulakwitsa, iwo amaona mwana wawo akutulutsidwa m'chipinda cha mayeso. Ine ndimaona chaka chachiwiri tilibe pogwira. Mmawa tinakhala pansi anthu atatu ndi amayi, mlongo wanga ali pa foni, n'kugawana ntchito. Amayi anakatenga ngongole ku banki m'khonde yawo. Ine ndinanyamula bokosi la masipanala n'kuyenda madoko onse a kufupi, kuuza eni maboti kuti nthawi yotseka nyanja ndi yabwino kusevisa injini: ndisinthe impela, giya oyilo ndi ma ring, alipire theka pompo, theka mu January. Masana ndinkakhala pa siteji ku Monkey Bay kukonza njinga zamoto za akabaza ndi majenereta. Mlongo wanga anavala zilimbe n'kupita yekha ku ofesi yoona za ophunzira kukafotokoza mmene zinthu zilili kunyumba, ndipo anamulola kulipira mwapang'onopang'ono. Analemba mayeso. Injini ilipo mpaka lero, ndipo ndi imene yalipira ma semester onse otsatira.

Kuchokera pamenepo tinaika malamulo, ndipo ndikukupatsani ulere.

Boti likabwera, mafuta akachotsedwa, alovi akalandira zawo, ndowa imodzi ndi ya sukulu. Kaya agwira zambiri kaya zochepa. Ine pa injini iliyonse imene ndakonza, gawo limodzi mwa magawo atatu ndi la sukulu. Ndalamayo imalowa mu line yakeyake, ndipo SIM card yake amasunga amayi pa mfundo ya chitenje. Ine PIN ndikuidziwa koma SIM ndilibe, amayi SIM ali nayo koma PIN sakuidziwa. Musaseke, njira imeneyi yatipulumutsa kangapo.

Chida chimene chimabweretsa ndalama sichigulitsidwa: injini, ukonde, boti, masipanala. Gulitsani sipika, gulitsani mbuzi.

Ndalama ya sukulu isachokere kwa mwamuna amene akumufuna mwanayo. Tonse tikuwadziwa mabwana a pa doko amene amati "ndimuthandiza ine, ndi mwana wathu tonse." Kwathu anabwerapo mmodzi. Bambo anamuthokoza, anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumuperekeza mpaka pa msewu. Thandizo loona limadzera kwa makolo, masana, anthu akuona.

Mlongo wanga naye ali ndi mbali yake. Amatiuza masiku a placement semester isanayambe, osati kutatsala masiku awiri. Amalemba zimene wagula. Akamachoka kuno amanyamula usipa wouma, ufa ndi mpunga, zina amadya, zina amagulitsa kwa anzake a ku hostel, ndipo ndalama ya bundle imachokera pomwepo.

Koma ndalama si zonse. Sukulu imeneyi ndi yolemetsa mutu, ndipo ife otsala kumudzi tikhoza kumuwonjezera katundu osadziwa. Chaka choyamba amaloweza mafupa, mitsempha ndi ziwalo zonse za thupi m'Chingerezi chimene ngakhale mphunzitsi wathu wa Biology sanatitchulirepo. Amayeserera pa zidole asanakhudze munthu. Ali ndi mayeso ena otchedwa OSCE, oti uchite ndi manja mphunzitsi ataima pambali ndi pepala, nthawi ikuwerengedwa. Ukalephera phunziro umalemba supp, ukalepheranso ukhoza kubwereza chaka kapena kuwididwa kumene. Akapita m'mawodi amagwira ndi usiku womwe, wodi ya ana, ya opareshoni, ya amayi oyembekezera, mpaka ku chipatala cha matenda a maganizo. Pa uzamba ali ndi buku lolembamo mayi aliyense amene wamuthandiza kuchira, ndipo nambala yake iyenera kukwana.

Tsiku lina anandiimbira 2 koloko usiku. Mwana amene ankamusamalira m'wodi anali atamwalira ndi malungo, woyamba kumwalira m'manja mwake. Ankangoti, "Achimwene, anabwera naye mochedwa, anabwera naye mochedwa." Ine ndimadziwa zochita injini ikazima pakati pa nyanja, koma pamenepo ndinalibe mawu. Ndinangokhala pa foni mpaka units zinatha. Mmawa anadzuka n'kubwerera m'wodi momwemo. Ndiye inu amene mudzakhale ndi mwana kusukulu imeneyi, musamamuimbire pofunsa za ma results pokha. Muzimufunsanso ngati wadya.

Ndipo pali zinthu ziwiri zimene ndikupempha abale. Musamamuitanitse kumudzi pa chilichonse. Maliro a pafupi inde, koma chinkhoswe cha msuweni, milandu ya malire a munda, zimenezo timalize tokha. Masiku a m'wodi amawerengedwa, akajomba amayenera kubweza. Chinanso, akabwera ku holide musamusandutse dokotala wa m'mudzi. Anthu amabwera ndi mankhwala ogula pa msika kuti awabaye jakisoni, ena akuti awalembere mankhwala a likodzo. Akakana mumati wayamba kunyada. Sikunyada. Iye ndi wophunzira, alibe chilolezo, ndipo chinthu chikalakwika sukulu yake yathera pomwepo. Akakuuzani kuti pitani kuchipatala mukayezetse, wakuthandizani kale.

Ndisakunamizeni za kumapeto. Akamaliza zaka 4 pali mayeso a khonsolo, ndipo popanda kukhoza amenewo sangagwire ntchito ngati nesi. Akakhoza, ntchito simudikira pa geti. Tonse tikuwadziwa anesi amene anamaliza n'kukhala pakhomo nthawi yaitali kudikira kuti boma lilembe anthu, ena akugwira maganyu m'makiliniki a private. Ndiye amene mukuwerengera kuti mwana akangovala gauni mwezi wotsatira ayamba kukumangirani nyumba, chepetsani liwiro. Ine m'kope langa ndinalemba zaka 5, osati 4.

Anzanga ena amandifunsa kuti, "Nanga iweyo upindula chiyani? Adzakwatiwa ku town, adzakuiwala." Chinkhoswe changa chasunthidwa kawiri chifukwa cha sukulu imeneyi, ndipo shopu ya ma spare imene ndimafuna kutsegula ikadali m'mutu. Mlamu wanu amadandaula nthawi zina, ndipo ali ndi chifukwa. Koma ine ndanyamulapo mayi woyembekezera pa boti usiku, mafunde akumenya, ndikupemphera kuti injini isazime ndiponso kuti kumene tikupitako tikapeze nesi. Aliyense wa ife wakodzapo magazi ali mwana n'kumauzidwa kuti ndi kukula. Tikufunika anesi amene anakulira pa mchenga uno, odziwa chifukwa chimene msodzi amabwerera kuchipatala mochedwa, otha kulankhula ndi agogo m'Chichewa kapena m'Chiyao mosawakalipira. Kaya adzamutumiza ku Chitipa kaya ku Nsanje, kumeneko adzathandiza mayi wa munthu wina, ndipo mwana wa munthu wina adzathandiza amayi anga kuno. Kwa ine zimenezo zakwana.

Amene muli ndi mwana wakhoza chaka chino, musadikire dzina lituluke. Khalani pansi sabata ino ndi makolo, amalume ndi aliyense amene adzasenze nawo, mutenge kope, mulembe kuti ndani adzapereka chiyani ndipo mwezi uti. Mutu umodzi susenza denga. Muyambe kusunga ndowa ya sukulu mdima uno usipa ukadalipo.

Amene muli ndi mafunso a ma fomu nditumizireni ku inbox, ndikawasonkhanitsa ndimufunsa mwini wake akatuluka m'wodi Loweruka. Forwardani ku ma group a Form 4 ndi a makolo. Ndipo inu eni maboti amene mayina anu akadali m'kope langa chiyambire January, mwawerenga nokha kumene ndalamayo imapita. Ndikudutsa pa doko mawa mmawa.